Zodinda Tidinda Konkuno

Tamara anachenjeza, koma mawu a mtengwa pamaliro salemera. Tsiku lomwe apongozi ake aamuna, a Zakeyo, anatisiya, iye anakaima kuseri kwa chigafa, mwana ali kumsana, n'kuimbira mwamuna wake amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Thailand.

"Bambo a Tiyamike, musanyamuke musanadinditse. Chonde. Maliro tiika ndife, inu mudzabwera pomanga chiliza."

"Ndi bambo anga, Tamara," anatero Fumbani, n'kudula foni.

Nkhani yodindayi Tamara ankaidziwa ngati kuti mphunzitsiyo ndi iye. Kumeneko mlendo amagwira ntchito ndi chidindo cha m'pasipoti, ndipo chidindocho chimatha chaka chikatha. Cha Fumbani chinali kutha kumapeto kwa mwezi womwewo. Ponyamuka anathamangira kukatenga china chomulola kutuluka n'kudzalowanso, koma chachiwirichi chinali ngati mwana wa kumsana: mayi akagwa, nayenso wagwa. Choyambacho chikangotha iye ali kuno, zonse ziwiri zafa, ntchito yapita, ndipo lonjezo loti akadinditsa adzaitanitsa Tamara ndi Tiyamike lapita nayo limodzi. Komanso kudinditsako sikotuma munthu. Mwini wake amayenera kukaonekera ndi nkhope yake.

Fumbani anafika ku Santhe, analira, anaponya dothi, anametedwa. Tamara ankaganiza kuti zikatere munthu anyamuka. Koma inali nyengo yodinda fodya, ndipo fodya wa malemu anali adakali m'chigafa, wosankhidwa kale, kudikira jeke woupanikizira m'mabelo.

Achibale atakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana zotsala, Tamara analimba mtima, anagwada chapatali n'kufotokoza za zidindozo. A Saulos, mng'ono wa malemu, anamvetsera atapendeketsa mutu, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Kudinda? Nanga ife pano tikudikira chiyani, apongozi? Bokosi lilipo, jeke alipo, ziguduli zilipo. Zodinda tidinda konkuno!"

Anthu anaseka, ngakhale panali pakhomo pa maliro. Amene sanaseke anali a Dailes, mayi ake a Fumbani. Anangoyang'ana mutu wometa wa mwana wawo, n'kufunsa motsitsa: "Kwa Matchaina akowo kuli manda a ndani?"

"Si Matchaina, amayi," anatero Fumbani.

"Kaya ndi ayani. Mlongo wanga anapita ku Halale kuti akubwera mvula ikagwa. Mvula yake ndikuidikirabe."

Fumbani anasuntha tikiti. Anavala malaya akale a bambo ake n'kulowa m'chigafa, ndipo madzulo ankatuluka manja atada ndi utomoni wa fodya, akuimba kamluzu. Tamara kamluzuko sankakakonda. M'mawa uliwonse, asanayatse moto, ankapisa dzanja m'thumba la jekete ya Fumbani yomwe inakolekedwa kuseri kwa chitseko, kukhudza pasipoti ija monga amakhudzira chipumi cha Tiyamike akamakayika malungo. Ikakhalamo, mtima unkatsika pang'ono.

Ndege yomaliza yomwe ikanamufikitsa chidindo chisanathe inali ya Lachinayi masana. Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, Tamara anapisanso dzanja pofuna kuyamba kulongedza. M'thumba munali kanjere ka mtedza basi.

Anagwedeza jekete. Anatembenuza matiresi, anakhuthula chikwama cha matewera, anasuzumira m'nkhokwe ngakhale ankadziwa kuti pasipoti siyenda yokha kupita kunkhokwe. Tiyamike anayamba kulira poona mayi ake akupuma ngati othamangitsidwa.

"Bambo a Tiyamike, mwaichotsa ndinu?"

Fumbani anabwera, anapisa dzanja m'thumba lomwelo, kenako anakakhala pakhonde.

"Mwina makoswe," anatero a Saulos akupukuta thukuta ndi chipewa. "Makoswe a masiku ano ndi ophunzira, nawonso akufuna kukwera ndege."

"Bambo aang'ono, si zoseka izi," anatero Fumbani. Koma sanadzuke. Tamara anamuyang'anitsitsa ndipo chimene anaona chinamuopsa kuposa thumba lopanda kanthu lija. Nkhope ya mwamuna wake inali ya munthu amene wina wamutula katundu. Anali kuyang'ana dimba la bambo ake, ng'ombe ziwiri zija, mabelo osokedwa bwino atandandalikidwa mumthunzi kudikira lole yopita nawo ku okushoni m'bandakucha.

Mabelo aja. Tamara anaima chilili.

M'mawa womwewo, akutsuka mapoto, anaona a Dailes akulowa m'chigafa. Chimwalirireni amuna awo, mayiwo anali asanakhudze ntchito iliyonse, koma lero anauza a Saulos kuti, "Belo lomaliza la amuna anga ndiyale ndekha." Amuna anawapatsa mpata, anapita kukamwa thobwa. Tamara anaona kuti mpango wa apongoziwo sunali kumutu. Unali m'manja, wopindidwa makona anayi. Pa nthawiyo anangoti ndi chisoni.

Tsopano ankadziwa. Koma kudziwa n'kwina, kunena n'kwina. Mtengwa angaloze chala namfedwa, mayi wa mwamuna wake, pakhomo lomwe misozi sinaume? Mudzi wonse ukanati mkazi wa kusukulu uja wasonyeza mawanga ake. Ndipo Fumbani akakwera ndege, wotsala pakhomo pano kutunga madzi ndi kuphikira mayiwo ndi iye.

Anabereka mwana, anatunga madzi m'kapu, n'kupita kuseri kwa nyumba komwe a Dailes anakhala pamphasa miyendo atatambasula. Anagwada n'kupereka kapuyo ndi manja awiri.

"Amayi, imwani. Kwatentha."

A Dailes anamwa osamuyang'ana.

"Amayi, ndimafuna kufunsa, poti ine za fodya sindizidziwa bwino. Ndi zoona kuti ku okushoni amang'amba belo n'kupisa m'kati?"

"Amang'amba."

"Nanga akapezamo chinthu choti si fodya?"

Kapu inaima m'malere. "Limabwerera," anatero a Dailes.

"Limabwerera ndi dzina la mwini wake pachiguduli?"

Tamara anapitiriza, maso ali pansi. "Bambo ankakonda kundiuza, tikamasankha fodya, kuti anthu ena amaika miyala, ena zitsotso, koma iwo chiyambireni kulima, belo lolembedwa Zakeyo silinabwererepo. Ankanena akumenya pachifuwa. Ndiye ndimangoganiza kuti mabelo awa ndi omaliza kulembedwa dzina limenelo."

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikujompha. Tiyamike anatulutsa dzanja m'nsalu n'kugwira khutu la mayi ake.

"Muli ndi mwana mmodzi, inu," anatero a Dailes potsiriza. "Mukugona naye pachifuwa. Lidzakwana tsiku."

"Inde, amayi."

"Mukufuna Fumbani amutenge uyunso, akakulire komwe sadya mkhwani. Ine nditsale ndi Saulos ndi nthabwala zake."

Zinali zoona.

A Dailes anadzuka movutikira, anakana dzanja lomwe Tamara anawapatsa, n'kulunjika kumthunzi kuja. "Saulos, mpeni."

"Alamu, mpeni wa chiyani? Tasoka kale awa."

"Ndati mpeni."

Sanasakesake. Anapita pa belo lakumapeto, anadula ulusi, chiguduli chinayasama. Anasolola timitolo ta fodya tothinana ngati thabwa, fungo likutsamwitsa, mpaka anafika pakati. Mpango uja unali pomwepo, utaphwatalala.

Pasipoti inatuluka yopindika pang'ono, chikuto chili ndi mizere ya mitsempha ya fodya, koma masamba ake onse analimo. A Dailes anaiponya pamiyendo pa mwana wawo.

"Unkati ikufunika kudinda. Ndadinda. Jeke wa abambo ako ndiye wadinda."

"Amayi..."

"Usandiitane. Pita kwa anthu amene amakudziwa ndi chithunzi."

Analowa m'nyumba n'kukoka chitseko. Posakhalitsa kulira kunayamba, kwapansipansi, kofanana ndi kwa tsiku loika maliro.

Fumbani anakhala pakhondepo mpaka dzuwa litapendeka, akutsegula ndi kutseka kabukuko. A Saulos anabweza fodya m'bokosi okha, osapempha thandizo. Tamara anayatsa moto, anauzimitsa ndi madzi omwe anatayika, anauyatsanso. Maso ake sanachoke pa mwamuna wake. Ankaopa kuti adzuka n'kukagogoda pachitseko chija, n'kunena mawu oti sangawabwezenso.

Ng'ombe zikulowa m'khola, Fumbani anabwera kukhitchini n'kunjuta pafupi naye.

"Unadziwa bwanji?"

"Ndili ndi maso."

"Ukanangokhala chete, palibe akanakuimba mlandu." Ananunkhiza pasipoti ija n'kuseka kuseka kosakoma. "Akakaitsegula kumeneko, ofesi yonse iyetsemula."

"Mupita?"

Fumbani anayang'ana chitseko cha mayi ake. Kulira kunali kusanathe.

"Kukacha atuluka, akhala pakhomopo, andigwira mwendo. Ndikawaona, Tamara, sindipita. Ndikudzidziwa." Anatsitsa mawu. "Lole ya fodya ikubwera tambala asanalire. Ndikwera pamwamba pa mabelo mpaka kumsewu waukulu, kuchoka apo ndipeza minibasi ya kubwalo la ndege ku Lumbadzi. Longedza mwakachetechete."

"Osatsanzika?"

"Udzawatsanzikira ndiwe."

Tamara anayang'ana chitseko chomwecho. Mawa lake ndi iye amene adzagogode pamenepo ndi madzi osamba, ndipo mkuja, ndi mtondo, mpaka tsiku lomwe chidindo china, cha dzina lake, chidzatuluke, ngati chidzatuluke. Anamasula nsalu, anapereka Tiyamike kwa bambo ake.

"Mugwireni ndithu pano kukadali kowala," anatero, "akuoneni nkhope." Kenako anatenga pasipoti ija m'manja mwa Fumbani, anaimanga pansonga ya chitenje chake mfundo ziwiri, n'kulowa kukapinda malaya.