Tsiku Limene Sumaila Sanasaine

"Bweza wotchiyo, iwe. Iuze kuti lero ndi sabata yatha, bambo ako akadali moyo," ndinatero.

Suhaila sanaseke. Mwana wa mlongo wangayu ndinamulera ndi nthabwala, koma tsikulo anangoyang'ana laputopu yake, maso ali psuu. Bambo ake, Sumaila, tinali titawaika dzulo lake. Mayi ake, Asiatu, anali kuchipinda pa umasiye. Panja, mng'ono wa malemu, mlongo wanga wina Abdulhamid, anali atayamba kale kuyeza makoma ndi maso. Kwathu mwamuna akafa, abale ake amabwera kudzatenga. Mkazi amatsala ndi mapoto.

Chikalata chopereka nyumba ya ku Old Town kwa Asiatu chinali m'makinamo, loya atalemba kale, chongodikira kusaina. Koma Sumaila anali munthu wa mawa. Ngakhale imfa ndinkayesa adzaiuza kuti ibwere mawa. Nambala yake yachinsinsi yosainira anali atauza mwanayu kalekale, poti mwini ankaiwala.

"Azakhali, kusaina ndingathe," anatero Suhaila. "Koma nthawi sichokera mu laputopu muno."

"Ichokera kuti? Kumwamba?"

"Munthu akasaina, pulogalamu imatumiza chizindikiro cha chikalatacho kwa mboni, kompyuta ina yakutali. Ntchito yake ndi kunena nthawi basi. Imadinda tsiku ndi ola, n'kubweza. Loya akatsegula adzaona kuti ababa anasaina ali m'manda."

"Mboniyo imadya chiyani? Ndiiphikire samusa."

"Siidya."

"Nanga chitsiru chimene chinaika mboni yosadya ndani?"

Anandiyang'ana. "Ndine, azakhali."

Ndinakumbuka. Ku ofesi kwawo ku City Centre, kumene amayendetsa pulogalamu yosainirayi, anaona kuti anthu ankabweza masiku pa zikalata, ndiye mwanayu analemba mizere yotseka khomo limenelo. Sumaila anauza msika wonse, ngakhale ongofunsa mtengo wa misomali pa shopu yake, kuti mwana wake wamanga akuba manja.

"Unailemba wekha," ndinatero. "Ifufute wekha. Amayi ako akagona kuti?"

Anatsegula tsamba lakuda lodzaza timalemba ngati nyerere, n'kundilozera. Mizere yake inali yochepa. Ndikanaiphimba ndi chikhatho. Chala chake chinaima pamwamba pa batani nthawi yaitali.

"Ndikachotsa, ndachotsera aliyense," anatero motsitsa mawu. "Mawa bambo aang'ono abwera ndi chawo chikalata, chonena kuti ababa anawapatsa nyumbayi chaka chatha. Adzawatsutsa ndani?"

Anatseka laputopuyo n'kugonekapo nkhope. Ndinafunafuna nthabwala m'mutu monse, osaipeza.

Kutacha ndinachita hayala kagalimoto, n'kukatenga bedi langa ku Kawale. Ndinaliika pabalaza, chopingasa pakhomo penipeni. Abdulhamid atafika ndi loko watsopano wa ku Msika wa Lilongwe, anandipeza nditatambalala, ndikuwenga zikhadabo za kumapazi.

"Achemwali, izi ndiye ziti?"

"Kwanga kuli nsikidzi. Si paja ukuti nyumbayi ndi ya abale? M'bale wamkulu ndine. Ukafuna kutseka, unditsekere momwemuno, pamodzi ndi mlamu wanga."

Anthu oyandikana nafe anali atatuluka, ena akunamizira kusesa. Mwamuna wa ndevu zaimvi sanganyamule mchemwali wake pamaso pa anthu ngati thumba la makala, ndipo iye anadziwa. Ndinadikira kuti akalipe, yankho ndinali nalo kale pamlomo.

Sanakalipe. Anayang'ana miyendo yanga yotupa. Anayang'ana timabotolo ta mankhwala a shuga pa kampando. Kenako anamwetulira mwaulemu, monga ndinamuphunzitsira ali mwana.

"Palibe vuto, achemwali. Pumani bwinobwino. Ine sindili pa changu."

Anaika loko uja pawindo, pamwamba pa pilo wanga, makiyi ali momwemo, n'kutsanzika.

Lokoyo alipobe. M'mawa uliwonse Asiatu akamakonza m'nyumba amamunyamula, kupukuta fumbi pansi pake, n'kumubwezera pomwepo.