Mpata wa pa Chiliza cha a Bizeki

Ndinamuchenjeza Pius, mdzukulu wangayu, kuti mawu a Ambuye si nsalu yoti telala azidula ikatalika. Iye anangoseka.

"Agogo, inu ngakhale dzina lanu simulizindikira likalembedwa. Mudzadziwa bwanji?"

Zoona, kusukulu sindinapondeko. Koma makutu ndili nawo. Kuyambira ndili buthu ndayenda m'maliro, ku Mua, ku Mtakataka, kuno ku Golomoti, ndipo pamanda paliponse mawu ake ndi omwewo: wokhulupirira Iye, ngakhale afe, adzakhala ndi moyo. Ansembe achizungu ankatero, ansembe athuwa akutero, pa wailesi ndi chimodzimodzi.

Pius anali mmisiri wa ziliza. Akamanga, ankasalaza simenti n'kulemba ndi msomali isanaume. Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, anamuitana kuti amange chiliza cha malemu a Bizeki. A Bizekiwa ali pamphasa ya imfa anathamangitsa amayi a kutchalitchi amene tinapita kukawapempherera. "Yesu wanuyo pitani nayeni," anatero. Ine ndinalipo, ndinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Tsono mwana wawo Prisca ndi amene Pius ankamufunsira.

"Prisca akuti mawu oti wokhulupirira ndichotse," Pius anandiuza. "Akuti anthu aziseka bambo ake. Ndingolemba kuti ngakhale afe adzakhala ndi moyo, atero Yesu."

"Atero Yesu? Unamumva liti akutero?"

"Ndi kutonthoza anamfedwa chabe, agogo."

"Iwe, lemba dzina, lemba tsiku, lemba kuti ause mumtendere. Za iwo ndi Mulungu sitikuzidziwa, mwina analapa ndi mpweya womaliza. Koma usadule Mwini wake pakamwa n'kusainira dzina lake pansi."

Analemba Loweruka, monga anafunira Prisca.

Lolemba anapita ndi ndowa kukathirira chiliza kuti chisang'ambike. Anabwera nayo ndowayo ili yodzaza. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo sanadye. Lachitatu masana anaima pakhomo panga ngati mwana.

"Agogo, tandiperekezani."

Dzuwa linali loswa mtengo, mchenga ukuwotcha kupyola patapata. Nyenje zinkalira njira yonse, koma titangolowa mumsitu wa kumanda zinaleka zonse pamodzi, ngati wina watseka chitseko. Ndinachita chizindikiro cha mtanda.

Chiliza chonse chinali chouma, chotentha osagwirika. Koma pamwamba pa zolembazo panali mpata wotalika ngati mkono wanga, wakuda bii, wonyowa, wosalala ngati ausalaza pompano.

"Pamenepa sindinasiye mpata," anatero Pius. "Ndinayambira kulemba m'mwamba mwenimweni. Zilembo zatsika zokha."

M'mbali mwa mpatawo munali msomali wake, womwe uja ndinauona ndi maso anga Loweruka akuusomeka kudenga la khonde langa.

"Mwanawe, Ambuye akukudikira," ndinanong'ona. "Masiku anayi akusungira malo. Bwezera chimene unadula."

Anautola msomaliwo n'kugwada. Nsonga yake inagunda simenti, ine mtima pansi. Kenako anatembenuka kuyang'ana kumene kuli mudzi wa kwa Prisca.

"Ndikabwezera, andikana."

"Akakukana upeza wina. Lemba!"

Anauponya pathengo. Anatapa simenti youma imene inatsala m'thumba, n'kuwaza pampata paja, n'kusalaza ndi chikhatho. Tikuona, panauma gwa. Nyenje zinayambanso kulira.

"Mwaona, agogo? Chinali chinyezi basi," anatero akuseka. Ine sindinaseke.

Tikufika pamsewu wa tala, pamene amaima maminibasi, foni yake inalira. Anaitulutsa, n'kuiyang'ana, n'kuipukuta pamalaya.

"Foniyi yawonongeka. Yangodzaza timizere."

Anapatsa a Onani, ogulitsa nsomba zouma pamenepo. A Onani anawerenga osavutika: anali Prisca, kuthokoza kuti chiliza chakongola. Pius anakweza maso kuyang'ana zikwangwani za masitolo, chimodzichimodzi, mpaka kumapeto kwa msika. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Agogo, ndani wapalasa zikwangwani zonsezi?"

Kuchipatala anamuyeza maso, akuti ali bwinobwino. Ulusi amandilowetsera pasingano kamodzi n'kamodzi. Koma chilembo chilichonse kwa iye ndi mapazi a nkhuku pafumbi. Ziliza analeka. Prisca anabwera kawiri, kachitatu anatuma moni. Kumanda anabwererako ndi msomali watsopano, koma simenti ija inaupinda.

Tsopano amakhala pakhonde panga tsiku lonse, msomali wopindikawo uli m'manja.

"Agogo, tanenaninso mawu aja."

Ndimawanena kuyambira pachiyambi, osasiyako. Iye amasalaza fumbi ndi chikhatho, n'kuika nsonga ya msomali pansi. Dzanja siliyenda.