Oyilo wa Apongozi

Mwina nanunso munamvako zomwe anthu akhala akunong'onezana potuluka m'tchalitchi, zoti bambo awo a anti Lenah achoka ku Balaka kudzatenga mwana wawoyo, mkamwini wawo a Suzgo asanamusandutse wamasiye ndi zothamangitsa magalimoto zija. Bodza lenileni! Madalawo anabwera kudzaonetsa maso kwa dokotala. Koma zomwe zinachitikadi, abale inu, khalani pansi kaye.

A Suzgo amagwira ntchito kubungwe lina ku Kilimani kuno ku Kenya, munthu wa tayi, wolankhula motsitsa. Loweruka likakwana amavala chisoti n'kukathamangitsa kagalimoto kawo kofiira pabwalo la mipikisano, kupitirira Kitengela uko. Kagalimotoko amakalera ngati khanda. Oyilo wake si wotola m'mbali mwa msewu ayi, amachita kuitanitsa wopirira moto, chifukwa injini ikamakuwa pabwalo paja imatentha mpaka oyilo wamba kutha mphamvu, zitsulo n'kuyamba kudyana. Akathamanga kangapo amakhutula wonse, kusintha ndi sefa yomwe.

Anti Lenah anali atatopa nazo kalekale. Tsiku lomwe bambo awo ankafika anawauziratu amuna awo kuti, "Bambo a Upile, adadi akangodandaula kamodzi kokha za galimotoyi, ikugulitsidwa. Musadzati sindinanene."

Koma madala sanadandaule. Anaikonda! Paja iwo anakalambira pa malole a ku Beira, ndiye ankangoizungulira, kuisisita, kuinunkhiza. Lachisanu a Suzgo ali kuntchito, madala anatenga makiyi pa msomali, anasolola kandodo koyezera oyilo, n'kupukusa mutu. Anakwera okha minibasi zija kuno amati matatu, Chiswahili sadziwa, koma anabwerako ndi chigubu cha oyilo wa malole, wonanda ngati uchi. Anagona pansi pa galimoto, anakhutula oyilo watsopano yemwe a Suzgo anathira dzulo lake, n'kuthiramo wawo mpaka kupyola pamzere.

A Suzgo pofika madzulo anawapeza atakhala pakhonde, malaya ali bii, akumwetulira.

"Apongozi, ndakuchotserani madzi aja," anatero madala. "Anthu akuno akukuberani. Oyilo amafunika azigwira m'zala. Ndawonjezeranso pang'ono, mawa ili ndi ntchito yaikulu."

Mtima wa a Suzgo unangoti phwii. Koma mkamwini angatani? Ananjuta, anawomba m'manja. "Zikomo kwambiri bambo, mwatithandiza."

Kuchipinda ndiye kunali manong'onong'o.

"Mayi a Upile, mukawauze ndinu. Oyilo ameneyu apha injini."

"Ndikawauze chani? Kuti agwetsa msana wawo pachabe? Chiyambireni vuto la maso palibe amawalola kugwira ngakhale njinga. Lero ndawamva akuimba nyimbo kubafa. Kawauzeni nokha, si muli ndi pakamwa?"

Pakamwa anali napo, koma osati pouzira apongozi kuti alakwitsa. Anaganiza zolawira m'mawa kuti akasinthe mwakachetechete kubwalo. Potuluka, anapeza madala atakhala kale kutsogolo kwa lole yonyamula kagalimotoko, atavala jekete ya tchalitchi, fulasiki ya tiyi pamwendo.

Kubwalo kunali fumbi ndi phokoso. Makaniko wa a Suzgo, Mkenya wina wosabisa mawu, anasolola kandodo kaja, anakayang'ana, anayang'ana bwana wake.

"Bwana, mwathiramo phala? Wadzazanso mopyola. Mukaiponda kwambiri achita thovu, injini ithera pakona yoyamba. Tikhutule msanga."

Mwayi wake ankalankhula Chiswahili. Madala anali atakoka kreti n'kukhala pafupi ndi tayala lakutsogolo, ngati mlonda.

"Akuti chani mnyamatayu?"

"Akuyamikira, bambo."

"Eya, amadziwa ntchito."

A Suzgo anayesa zonse. Bambo, kumthunzi uko kuli mipando yabwino. Ayi, pano pali bwino. Bambo, akuwotcha nyama kuseri uko. Ayi, mano anatha. Tiyi yense uja anamwa, koma kuchimbudzi osapita! Anzawo a Suzgo anayamba kuliza mainjini, wa mbendera akuitana. Chigubu cha oyilo wabwino chinali pomwepo m'lole, chobisidwa ndi chiguduli, ndipo ntchito yake inali yosachedwa n'komwe.

Basi a Suzgo analimba mtima. Anatenga sipanala, anagona chagada, analowa pansi pa galimoto n'kugwira bawuti yokhutulira oyilo. Ali pansipo ankangoona nsapato za apongozi awo, zopolishidwa bwino, zikusendera pafupi.

"Apongozi," mawu a madala anatsika pang'onopang'ono, "kodi ndalakwitsa penapake? Nenani, maso angawa masiku ano amandinamiza."

Pansi pa galimoto panali pothina, potentha, thukuta likulowa m'maso. Kumasula bawutiyo kunali kuwauza madala pamaso pa anthu kuti ntchito yawo yatha, ndipo madzulo anti Lenah akanaona nkhope ya bambo awo n'kuyamba kufunsa ogula. Kuisiya, injini ikanapsa.

"Ayi bambo," anatero a Suzgo. "Ndikungomangitsa."

Analowa m'bwalo. Koma kuthamanga kwake, mayo ine! Diso lili pa kasingano ka oyilo, phazi likungonyambita chopondera. Kasingano kakati kanjenjemere, iwo n'kubweza phazi. Anzawo ankawadutsa ngati aima, wina mpaka anawakupizira dzanja. Atatuluka, Mkenya wina anawafunsa ngati amaperekeza maliro. Anamaliza kumapeto kwenikweni, m'chisoti muli chinyezi, koma injini ili moyo.

Madala ndiye anasangalala ngati atenga chikho. Pofika kunyumba sanavule n'komwe jekete.

"Lenah, mwana wanga, amuna akowa uwasiye. Ena onse aja ndi amisala, koma awa amayendetsa mwaulemu. Injini osatsokomola ngakhale kamodzi! Galimotoyi isagulitsidwe. Koma oyilo ndizithira ndine."

Anti Lenah anangoti, "Mwamva, bambo a Upile?"

Anamva. Ndipo dokotala wawachita opareshoni diso limodzi, wanena kuti linalo adzalichita likapola loyambali, ndiye madala sakubwerera ku Balaka msanga. Agulanso chigubu china, chachikulu kuposa chija, chili kuseri kwa chitseko. Loweruka lililonse amakhala oyamba kudzuka. A Suzgo galimoto ali nayo, bwalo akupitabe, koma amangozungulira pang'onopang'ono kumbuyo kwa anzawo, apongozi akuwomba m'manja pa kreti paja.

Tsono inu, mutagona pansi pa galimoto paja, sipanala m'manja, nsapato za apongozi zili pamphuno panu, bawuti ija mukanaipotolera mbali iti?