Pikapu ya Atsibweni

Lajabu, makaniko wa pa Namadzi, anatuluka kunsi kwa pikapu, napukuta manja pa ovolosi, koma nkhope yake sinamusangalatse Kalisto.

"Mabuleki okha tikanakonza, achimwene. Koma tandipatsani bulubuku, buku la umwini wa galimotoyi."

Kalisto anasolola bukulo m'thumba la jekete. Chigulireni galimotoyo sabata ziwiri zapitazo anali asanalitsegule. Akanalitsegula bwanji pamaso pa wogulitsa? Anaigula kwa a Kalinde, atsibweni a mkazi wake, ndi ndalama zonse zimene anabwera nazo ku migodi ya ku Joni. Mkamwini sapempha mapepala kwa atsibweni ngati akufunsa wakuba. Analandira ndi manja awiri, nathokoza.

Lajabu ananyowetsa chala, natembenuza masamba. Kenaka anayang'ana timapepala tiwiri tomatidwa pagalasi, ka msonkho ndi kosonyeza kuti galimoto inapimidwa.

"Nambala ili apayi mwaiona? Tsopano onani ili kutsogoloyo. Zikufanana?"

Sizinafanane ngakhale pang'ono.

"Timapepalati anatimatula pa galimoto ina. Msonkho wa iyi unathera mu 1981. Yakhala zaka zisanu ikuzemba apolisi."

"Ndikalipira pang'onopang'ono," anatero Kalisto.

"Mulipirira maliro? Bwerani muone."

Anagwada onse awiri. Chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse chinali chothyoka pakati, chowotcherera mwachinyengo, pamwamba atapakapo phula.

"Opima akangoona apa, basi, sangadinde. N'chifukwa chake mwini wake analeka kupita nayo. Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Utoto wokha ndiye anasankha wabwino."

Kalisto sanaseke. Mtima unamuwawa kwambiri. Anali atauza kale mudzi wonse ku Mbulumbuzi kuti nandolo wa chaka chino apita ku Limbe pa galimoto yake, ndipo amayi ena anali atayamba kumutchula kuti adalaivala.

Anabwerera kudzera njira za m'minda, kuopa msewu waukulu. Mkazi wake Veronika anamupeza atakhala m'galimotomo, injini itazima, ndipo Kalisto anamuuza zonse.

"Ndikawabwezera," anatero Kalisto. "Andipatse ndalama zanga."

"Ndalama zake ziti? Malata atsopano ali pa nyumba yawo simunawaone?"

"Ndiye ndikasuma."

Veronika anatsitsa mawu. "Abambo a Ellina, munda tikulimawu anatigawira ndani? Malo a nyumba ino? Mukawatengera atsibweni kubwalo, mawa lake mudzamanga katundu. Ine ndi ana tidzatsala, inu mudzapita ndi chitsulo chanucho."

Sanalankhule mwachipongwe ayi, misozi inali ikulengeza. Kalisto anadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka koposa.

Nandolo anapita pa njinga ndi pamitu, monga zaka zonse. Pikapu inakhala pansi pa mtengo wa mango, matayala akuphwa limodzilimodzi.

Tsiku lina Lamulungu a Kalinde anadzera pomwepo pochokera kutchalitchi. Anaizungulira, naigogoda ndi ndodo, akupukusa mutu.

"Akamwini, galimoto ndinakupatsani ikuyenda bwinobwino. Mwaipha mwezi umodzi? Chinthu chimafuna kusamala."

Kalisto anayang'ana mkazi wake, amene anali atagwada pakhonde, maso ali pansi. Kenaka Kalisto anavula chipewa.

"Ndalakwa ndine, atsibweni. Pepani."