Makina Osokera Sanapite ku Mississauga

Kalata yachitatu yolonjerera ngongole itafika kunyumba kwawo ku Canada, Mathilda sanadikire kuti mwamuna wake, Edwin, amalize kuwerenga. Bizinesi yawo yotsuka makapeti inali itagwa, ngongole zili m'khosi. Kwawo ku Balaka, Mathilda anaonapo masherifu akunyamula ndi mipando yomwe ya amalume ake. Ndiye anagamula yekha kuti makina ake osokera, omwe tsopano ankadyetsa banja, akabisidwe kwa mnzake ku Mississauga.

Anawakulunga m'chitenje n'kulowa nawo mu lifiti, thukuta lili kamukamu. M'menemo anapeza a Dalia, mayi wochokera ku Israeli, woyandikana naye nyumba ku North York. Pakamwa pa Mathilda sipagona nkhani. Lifiti isanafike pansi, anali ataulula zonse.

A Dalia anadina batani lobwerera m'mwamba. "Bwererani nawo," anatero. "Chimene chingakupweteketseni n'kubisako."

Anasimba za mchimwene wawo wa ku Haifa ku Israeli, yemwe sitolo yake inagwa. Anati lamulo la kwawoko limafuna kuti wogwa m'ngongole adzukenso. Mchimwene wawoyo anaulula zonse anali nazo, khoti linaona zomwe amapeza n'kumuikira zopereka pamwezi zomwe angakwanitse. Bedi ndi zida zantchito anamusiyira. Patatha zaka ngati zitatu, ngongole yotsala inafafanizidwa. Koma wobisa katundu amadzitayira yekha mwayiwo.

"Kufafaniza, munthu uli moyo?" anafunsa Mathilda, mtima ukudumpha ndi chimwemwe.

A Dalia anati Canada ili ndi malamulo akeake ofananako, choncho akafunse kwa mlangizi wovomerezeka ndi boma pa za ngongole.

Mathilda analowa m'nyumba chothamanga, mawu akupondana. Edwin anadandaula za manyazi, poti Amalawi anzawo akamva aziti chiyani. Mkazi wake anamuyankha kuti manyaziwo sanalipirepo ngakhale kalata imodzi.

M'mawa mwake anakwera sitima kupita kwa mlangizi, a Eugene. Analembetsa zonse, ndi makina omwe. A Eugene anaona mtengo wa makinawo n'kunena kuti chida chantchito chotere lamulo limachiteteza. Anawakonzera dongosolo lolipira pang'onopang'ono, owakongozawo anavomera, ndipo makalata aja analeka.

Tsiku lomwe yankho linabwera, Mathilda anavina m'khitchini, kenako anakhala pa makina n'kuwasokera a Dalia makatani aulere.

Ngongole ikakukulirani, musabise katundu ndipo musathawe. Ululani zonse kwa mlangizi wovomerezeka, chifukwa lamulo limathandiza wonena zoona kuyambiranso.