Dzanja Louma la a Lumo

Dokotala anaika chithunzi cha mafupa pagalasi lowala n'kuloza pamene dzanja lamanja la a Lumo limalumikizana ndi mkono. Nyamakazi inali itadyapo ngati chiswe, moti mafupa ankakhulana okhaokha.

"Njira zilipo ziwiri, bambo," anatero dokotala. "Tikhoza kuikapo mfundo yochita kupanga. Dzanja lizipindika bwinobwino, koma zonyamula zolemera muiwale. Apo ayi, timange mafupawa ndi kachitsulo kuti agwirane. Ululu utha, mphamvu ibwerera, koma dzanja silidzapindikanso."

Mwana wawo wamkazi, amene anawaperekeza, sanadikire n'komwe. "Yopindikayo, adokotala. Bambowa ndi ometa tsitsi. Munthu angamete bwanji ndi dzanja louma ngati thabwa?"

A Lumo, amene makasitomala anawapatsa dzinali chifukwa lilime lawo linkathwa kuposa lumo lenilenilo, ulendo uno anangoyang'anitsitsa chithunzicho. Maganizo anali kunyumba, pabedi pamene akazi awo ankagona chiwagwirireni sitiroko. M'mawa uliwonse iwo ndi amene ankawanyamula, kuwakhazika pachikuku, kupita nawo kubafa n'kuwabwezanso. Mayiwo sankafuna manja a munthu wina. Wosamalira odwala amene mwana uja anabwera naye anathamangitsidwa ndi maso okha.

"Mangani," anatero a Lumo.

"Ababa, nanga ntchito?"

"Iwe, ometa ali mbwee m'tauni muno. Amayi akowa wowanyamula ndi mmodzi."

Komatu ntchito sanaitaye, pajatu a Lumo ndi nkhutukumve. M'mawa mwake anafika pamalo awo ometera atamangirira lula wathabwa wojambulira mizere kudzanja ndi bandeji, kuti aphunziriretu kumeta osapinda dzanja opaleshoni isanafike. Kasitomala woyamba, dalaivala wa basi, anadziyang'ana pagalasi n'kupeza mutu uli mizeremizere ngati munda wolima woledzera.

"Akulu, mwandimeta kapena mwandilanga?"

"Khala phee, mutu wakowu unali wokhota kale."

Anthu anafa nako kuseka, koma ena anayamba kukametetsa kwina. Zinawawawa a Lumo, tisaname. Anangoluma mano n'kupitiriza: kukweza chigongono, kutsitsa mpando, kuzungulira kasitomala m'malo mopotoza dzanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pang'onopang'ono mizere ija inayamba kutha.

Opaleshoni itachitika, dzanja linakhala m'chikhakha nthawi yaitali. Masiku onsewo mayi aja ankanyamulidwa ndi mwana wawo ndi mkamwini, nkhope atayang'anitsa kukhoma, chakudya akungochilawa.

Tsiku limene dokotala anawalola kunyamula zolemera, a Lumo sanadzere kuntchito. Analunjika kuchipinda, n'kulowetsa dzanja louma lija pansi pa msana wa akazi awo, linalo pansi pa mawondo, n'kuwanyamula. Anadikira ululu uja umene unkawabaya ngati msomali. Sunabwere.

Atawakhazika pachikuku, mayiwo anagwira dzanjalo ndi dzanja lawo limene linkagwirabe ntchito, n'kuyesa kulipinda. Linakana. Anayesanso, misozi ili chuchuchu.

"Mwaliwononga chifukwa cha ine," anatero, mawu akutuluka movutikira.

"Ndaliwononga? Tabweretsani mutuwo kuno, amake mwana. Tsitsi ili mbalame zatsala pang'ono kuikiramo mazira."

Anatulutsa chipeso m'thumba la malaya, nakweza chigongono monga anadziphunzitsira, n'kuyamba kuwapesa akazi awo pang'onopang'ono, akuzungulira chikuku.