Kumene foni inkati ndi kunyumba

Bambo anga atayamba kuiwalaiwala, achimwene anati tiziwatsekera geti. Ine ndinakana mpaka tinayambana. Munthu wayendetsa basi moyo wake wonse, lero mumutsekere ngati nkhuku? Ndinawagulira foni n'kuikamo mapu olankhula aja. Ndinawaonetsa kabatani kamodzi kokha, kolembedwa kuti "Kunyumba". Akasokera angodina, kamayi ka mufonimo kawatsogolera mpaka pageti panga.

Poyamba zinkayenda. Ine ndikapita ku saluni kumene ndimaluka tsitsi, iwo ankavala jekete ndi chipewa n'kutuluka, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Sindinkafunsa kumene ankapita. Achimwene ndinkawanyogodola pafoni kuti mkaidi wawo uja wabweranso yekha lero.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapu amenewa amaphunzira munthu. Amaona kumene umapita kawirikawiri, kumene umakhalitsa, basi n'kuyamba kukuganizira. Nzeru zake zopusazo. Bambo tsiku ndi tsiku ankapita kunyumba yathu yakale, imene tinagulitsa mayi atamwalira, n'kukakhala pakakhoma patsidya pa msewu kuyang'ana mawindo. Kenako mapu anawafunsa ngati kumeneko kunali kunyumba. Nanga akanayankha chiyani? Anadina "Inde".

Tsiku lina la mvula ndili pakati poluka, anandiimbira mayi amene anagula nyumba ija. Ndinasiya kasitomala mutu uli theka, ndine uyo pa taxi. Ndinawapeza bambo ataima pageti la eni ake, atanyowa thupi lonse, foni ili m'manja.

"Bambo, mukutani kuno?"

"Ndinadina," anatero. "Kakuti ndafika. Koma amayi ako sakutsegula."

Mtima unandipweteka, koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ukali. Ndinawakalipira pamaso pa anthu ngati mwana. Mayi wa nyumbayo anandikokera pambali, nati mwaulemu ana ake akuopa, bambowa asabwerenso.

Achimwene atamva sanatalikitse. Anabwera ndi loko n'kuiika patebulo panga. Ndinawachonderera kuti tiyesenso kamodzi kokha, vuto ndi foni, si bambo. Ndinafufuta nyumba yakale ija m'mapu, ndinalembanso yanga, ndinazimitsa zophunziraphunzirazo. Ndinkadina mwaukali mpaka chala kuwawa.

M'mawa mwake sindinapite kuntchito. Bambo anatuluka monga mwa masiku onse, ine n'kukhala pawindo nditakankhira katani pambali. Masana ndinawaona akubwera, foni ataigwira patsogolo ndi manja awiri, akukhota pamene kamayi kaja kanena. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Ndinayamba kale kukonza mawu okawauza achimwene.

Atafika pageti anaima. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana nyumba yanga nthawi yaitali. Geti linali losatseka, koma sanalikankhe. Anavula chipewa, nagogoda.

"Odi kuno."

Ndinatuluka.

"Pepani mayi, ndakusokonezani," anatero. "Foni yanga yawonongeka, yandifikitsa kwa eni. Mungandilozereko njira ya kwathu?"

Ndinawatsegulira geti.

"Lowani kaye mupumuleko," ndinatero.

Analowa akuthokoza. Loko ija ndinatseka ndekha, ndikulira. Mpaka lero amakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pabondo, kudikira kuti ndimalize ntchito ndiwaperekeze.